Kodi chigamulo cha khoti chingaimitsedi fakitale ya malasha?

Funso lochokera kwa bambo wina wa ku Neno: "Ndamva kuti ku Kenya anthu wamba anagonjetsa kampani yaikulu imene inkafuna kumanga fakitale yopangira magetsi ndi malasha, komanso kuti khoti la mayiko a kum'mawa kwa Africa linataya mlandu wa anthu odandaula za paipi ya mafuta. Ife kuno takhala tikuuzidwa za ntchito yomanga fakitale yotere ku Kam'mwamba kwa zaka zambiri. Kodi zigamulo zoterezi zili ndi mphamvu yeniyeni? Nanga munthu wamba ngati ine angakadandaule ku khoti la m'chigawo ngati sakukhutira ndi zimene boma lake likuchita?"

Zikomo kwambiri bambo chifukwa cha funso lanuli, limene likufunika kuliyankha mofatsa. Zigamulo zimene mwamvazo zilipodi ndipo zili ndi mphamvu, koma mphamvu ya chigamulo chilichonse imalekezera pamene palekezera mawu amene oweruza analemba, ndipo nthawi zambiri mawuwo amakhala ochepa poyerekeza ndi zimene zimamveka pa wailesi tsiku la chigamulo. N'chifukwa chake ndikufuna tiyambe ndi nkhani ya ku Kenyayo, tione chimene chinagamulidwa kwenikweni, kenako tifike pa makhoti a m'chigawo ndi pa Kam'mwamba.

Fakitale imene mukunenayo inkafuna kumangidwa ku Kwasasi, m'dera la Lamu, m'mphepete mwa nyanja ya India. Boma la Kenya linapereka ntchitoyi mu 2014 kwa kampani ya Amu Power, imene eni ake akuluakulu anali makampani a Centum Investment ndi Gulf Energy. Inkayembekezeka kutulutsa magetsi okwana mamegawati 1,050 ndi kudya ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni a ku America, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo, madola 1.2 biliyoni, linali loti likongoledwe ku banki ya ku China yotchedwa ICBC. Malasha ake ankafuna kumawaitanitsa pa sitima kuchokera kunja, makamaka ku South Africa. Malo amene anasankhidwawo ali pafupi ndi tauni yakale ya Lamu, imene bungwe la UNESCO linaiika mu 2001 pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse, ndipo anthu ambiri kumeneko amadalira usodzi, ulimi ndi alendo odzaona malo.

Mu September 2016 bungwe loona za chilengedwe m'dzikolo, la NEMA, linapereka chilolezo choti ntchito iyambe. Gulu la anthu a m'deralo lotchedwa Save Lamu, pamodzi ndi anthu ena ochepa a komweko, linakasuma ku bwalo lapadera lozenga milandu ya zachilengedwe, la National Environment Tribunal, mothandizidwa ndi maloya a mabungwe a Katiba Institute ndi Natural Justice. Pa 26 June 2019 bwalolo linafafaniza chilolezocho.

Apa ndi pamene ndikupempha kuti mumvetsetse bwino, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amasokonezera nkhaniyi. Bwalo lija silinanene kuti malasha ndi oletsedwa ku Kenya, ndiponso silinanene kuti ku Lamu sikungamangidwe fakitale. Linapeza kuti njira imene inatsatidwa popereka chilolezo inali yolakwika. Misonkhano yambiri ndi anthu inachitika kumayambiriro, kafukufuku wa momwe ntchitoyo ingakhudzire anthu ndi chilengedwe asanathe, kotero kuti anthu ankafunsidwa maganizo pa chinthu chimene sanauzidwe tsatanetsatane wake. Lipoti la kafukufukuyo litatuluka, lomwe linali chimpukutu cha masamba ambirimbiri, anthu sanapatsidwe mpata wokwanira woti alimvetse ndi kuliyankha, ndipo chilolezo chinatuluka patangopita masiku ochepa kuchokera pa tsiku lotsekera kulandira ndemanga. Bwalolo linapezanso kuti kafukufukuyo sanaganizire mokwanira lamulo la dzikolo la 2016 lokhudza kusintha kwa nyengo. Potsiriza linalamula kuti ngati kampaniyo ikufunabe kupitiriza, ichite kafukufuku watsopano motsata malamulo. Khomo linasiyidwa lotsegula. Kampaniyo inachita apilo, ndipo nkhaniyo inakhala m'khoti zaka zingapo mpaka mu 2025 pamene khoti loona za malo ndi chilengedwe ku Malindi linagwirizana ndi chigamulo choyamba chija.

Taganizirani msodzi wa ku Lamu amene waitanidwa ku msonkhano pansi pa tenti, n'kupatsidwa botolo la madzi ndi pepala loti alembepo dzina lake ndi kusaina. Iye akuganiza kuti akusainira kuti anabwera, koma pepala lomwelo likhoza kukapezeka kumapeto kwa lipoti ngati umboni wakuti anthu anafunsidwa. Funso lake lenileni, loti madzi otentha ochokera m'makina akamabwezedwa m'nyanja nsomba ndi nkhanu zidzatani, kapena loti phulusa la malasha lidzaunjikidwa kuti ndipo mvula ikagwa lidzalowera kuti, silinayankhidwe. Chimene chinapambanitsa anthu a ku Lamu n'chakuti anatha kusonyeza oweruza, ndi masiku ndi makalata, kusiyana kwa pakati pa kusainitsa anthu ndi kuwafunsa. Anathandizidwanso ndi malamulo aakulu a dziko lawo a 2010, amene mu gawo 42 amapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pa malo aukhondo ndi osaika moyo pachiswe, ndipo mu gawo 70 amalola munthu kukasuma popanda kusonyeza kuti iye mwini wavulala kapena wataya kanthu.

Ndiye ngati khoti linasiya khomo lotsegula, n'chiyani chinaimitsa ntchitoyi? Maganizo anga ndi akuti chigamulo chinagula nthawi, ndipo m'nthawi imeneyo masamu a ndalama anaonekera poyera. Mgwirizano wogulitsa magetsi umene Amu Power inali nawo ndi kampani ya Kenya Power unali wa zaka 25, ndipo munali ndime yoti kampani yogula izilipira ndalama yokhazikika chaka ndi chaka chifukwa chongoti makinawo alipo, kaya magetsi ake agwiritsidwa ntchito kaya ayi. Bungwe lofufuza za chuma cha magetsi la IEEFA linawerengera mu 2019 kuti malipiro amenewa akanakhala pafupifupi madola 360 miliyoni pachaka, kutanthauza madola pafupifupi 9 biliyoni pa zaka zonsezo. Linasonyezanso kuti mtengo umene unkalengezedwa, wa masenti 7.2 a ku America pa yuniti, unkadalira kuti makinawo azigwira ntchito pafupifupi nthawi zonse ndiponso kuti malasha akhale otchipa, ndipo kuti ngati akanamagwiritsidwa ntchito pang'ono chabe, mtengowo ukanatha kufika masenti 75. Kenya ili ndi magetsi ambiri ochokera ku nthunzi ya pansi pa nthaka ku Olkaria, ku madzi ndi ku mphepo ya ku nyanja ya Turkana, kotero chiopsezo choti makina a malashawo azingokhala koma akulipiridwa chinali chenicheni. Zili ngati kulemba ganyu ngolo ya ng'ombe kwa zaka 25 ndi lonjezo loti muzilipira tsiku lililonse, ngakhale m'miyezi imene mulibe chimanga chotuta.

Zitatero, oika ndalama anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Banki ya African Development Bank inanena mu 2019 kuti siikapo ndalama, kampani ya General Electric, imene inkafuna kutenga nawo mbali pa ntchitoyi, inalengeza mu September 2020 kuti ikusiya kumanga mafakitale atsopano a malasha, ndipo chakumapeto kwa chaka chomwecho zinadziwika kuti ICBC yadzichotsamo. Mu September 2021 mtsogoleri wa dziko la China, a Xi Jinping, anauza msonkhano waukulu wa United Nations kuti dziko lawo silidzamanganso mafakitale atsopano a malasha kunja. Zofanana ndi zimenezi zinachitika ku South Africa, kumene khoti lalikulu la ku Pretoria linagamula mu March 2017, pa mlandu wa bungwe la Earthlife Africa, kuti nduna inayenera kuganizira za kusintha kwa nyengo pa nkhani ya chilolezo cha fakitale ya Thabametsi ku Limpopo. Nakonso khoti silinaletse malasha, koma pofika 2020 ntchitoyo inali itafa chifukwa mabanki anali atachokamo.

Sindikufuna kuti muone ngati ku Lamu onse anasangalala. Alimi a ku Kwasasi amene minda yawo inayezedwa kuti itengedwe anakhala zaka zambiri ali m'malere, osalandira chipukuta misozi komanso osatsimikiza ngati n'kwanzeru kubzala mitengo kapena kumanga nyumba pa malo oti mawa akhoza kuchotsedwapo. Ntchito ikaima pakati, amene amavutika kwambiri ndi anthu otere, ndipo zimandipweteka kuti nkhani yawo imatha msanga m'manyuzipepala kusiyana ndi ya chigamulo. Pali chitsanzo china cha komweko: mu 2018 khoti lalikulu la Kenya linalamula kuti asodzi pafupifupi 4,600 amene anakhudzidwa ndi kumangidwa kwa doko la Lamu alipidwe mashilingi 1.76 biliyoni, koma panadutsa zaka zingapo ndalamazo zisanafike m'manja mwawo. Tsiku lopambana mlandu ndi tsiku lolandira ndalama zimatalikirana, ndipo pakati pa masiku awiriwa pamafunika anthu okumbutsa osatopa.

Tsopano tifike pa makhoti a m'chigawo. Dziwani choyamba kuti mlandu wa ku Lamu sunapite ku khoti la m'chigawo. Unayambira ndi kuthera m'mabwalo a dziko la Kenya. Mlandu wa paipi ya mafuta umene mwautchula ndiwo unali ku East African Court of Justice, khoti la mayiko a kum'mawa kwa Africa limene lili ku Arusha m'dziko la Tanzania. Paipiyo ndi ya makilomita 1,443, yochokera ku Hoima m'dziko la Uganda kukafika ku Tanga m'mphepete mwa nyanja ku Tanzania. Mabungwe anayi anasuma mu November 2020, ndipo mu November 2023 khotilo linataya mlanduwo popanda kulowa m'kati mwa madandaulo awo. Chifukwa chake chinali nthawi. Gawo 30 la pangano la mayikowa limalola munthu aliyense wokhala m'dziko la membala kukasuma mwachindunji, osayamba wadutsa m'makhoti a kwawo, koma limalamula kuti achite zimenezo pasanathe miyezi iwiri kuchokera pamene chinthu chodandaulidwacho chachitika kapena pamene iye wachidziwa. Pangano la pakati pa maboma awiriwo lokhudza paipiyo linali litasainidwa kale mu 2017. Choncho amene akunena kuti khotilo linavomereza kuti paipiyo ndi yabwino akulakwitsa, monganso akulakwitsira amene amanena kuti ku Lamu khoti linaletsa malasha.

Ine ndimaona kuti malire a miyezi iwiriwa ndi okhwima mopitirira muyezo pa ntchito zoterezi, chifukwa mapangano ake amasainidwa m'zipinda zotseka ndipo munthu wa kumudzi amazindikira kuti nkhaniyo ikumukhudza pamene waona anthu oyeza malo akukhoma zikhomo m'munda mwake. Komabe khoti lomwelo linasonyeza mu June 2014 kuti likhoza kuteteza chilengedwe mlandu ukafika m'nthawi yake, pamene linaletsa boma la Tanzania kumanga msewu wa phula wodutsa pakati pa malo osungirako nyama a Serengeti. Kwa ife a ku Malawi khomo limeneli ndi lotseka, popeza dziko lathu si membala wa bungwe la mayiko a kum'mawa kwa Africa.

Khoti limene likanakhala lathu ndi la SADC, lomwe linali ku Windhoek m'dziko la Namibia, ndipo mbiri yake ndi yomvetsa chisoni. Mu November 2008 linagamula mokomera alimi amene anasumira boma la Zimbabwe pa nkhani yolanda minda, pa mlandu wodziwika ndi dzina la Mike Campbell. Boma la Zimbabwe linakana kumvera. M'malo moti atsogoleri a chigawo alikakamize, anaimitsa khotilo mu 2010, ndipo mu 2014 anasainira pangano latsopano lochotsa ufulu wa munthu wamba wokasuma kumeneko, n'kusiya kuti lizingomva milandu ya pakati pa mayiko. Munthu akhoza kukhala ndi maganizo alionse pa nkhani ya minda ya ku Zimbabwe, koma chimene chinatayika ndi cha tonse: wa ku Neno, wa ku Hwange m'dziko la Zimbabwe ndi wa ku Moatize m'dziko la Mozambique, onse anatsekeredwa khomo limodzi. Nzika zina sizinangokhala chete. Maloya a ku South Africa anatengera boma lawo ku khoti, ndipo mu December 2018 khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo linagamula kuti Pulezidenti Jacob Zuma analakwira malamulo potenga nawo mbali poimitsa khoti la SADC ndi posainira pangano la 2014. Ngakhale zili choncho, khoti la SADC silinayambenso kumva milandu ya anthu wamba.

Khoti la COMESA limalola munthu kapena kampani kukasuma atamaliza njira zonse za m'dziko lake, koma limaona za kuphwanyidwa kwa pangano la bungwelo, limene kwenikweni ndi la malonda, ndipo si kumene ndingakutumizeni ndi dandaulo la utsi ndi phulusa.

Latsala ndi khoti la Africa loona za ufulu wa anthu, limenenso lili ku Arusha. Apa Malawi ali pabwino, chifukwa mu 2008 dziko lathu linavomereza kuti anthu ndi mabungwe azitha kulisumira mwachindunji kumeneko, ndipo ndi mayiko ochepa kwambiri amene anachita zimenezi. Ena monga Rwanda, Tanzania, Benin ndi Côte d'Ivoire anavomera kenako n'kubweza. Koma khotili limafuna kuti muyambe mwamaliza makhoti a kwanu kufikira lalikulu kwambiri, ndipo chigamulo chake chimadalira kuti boma likhale ndi mtima womvera. Anthu a mtundu wa Ogiek a ku nkhalango ya Mau m'dziko la Kenya anapambana kumeneko mu May 2017, mu 2022 khotilo linalamula kuti alipidwe ndi kupatsidwa umwini wa malo awo, koma chakumapeto kwa 2023 ena mwa iwo anali akugwetseredwabe nyumba. Yankho la funso lanu lachiwiri ndi limeneli: inde mukhoza kukafika ku Arusha, koma ndi ulendo wa zaka zambiri umene umayambira ku khoti lalikulu la kuno kwathu, ndipo zimene mudzanyamule popita kumeneko ndi zomwe munasonkhanitsa pachiyambi.

Za Kam'mwamba ndinene mosabisa. Ntchitoyi inakonzedwa kuti itulutse mamegawati 300 pogwiritsa ntchito malasha ochokera ku Moatize m'dziko la Mozambique, odzera pa njanji yopita ku Nacala, ndipo poyamba inkayembekezera kampani ya China Gezhouba ndi ngongole ya ku banki ya Exim ya ku China. Ngongoleyo sinatheke, ndipo pambuyo pake ntchitoyo inaikidwa m'manja mwa EGENCO. Sindinyoza amene amaifuna, chifukwa vuto limene akufuna kuthetsa ndi lenileni. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo pamene namondwe wa Ana anaononga Kapichira mu January 2022 tinataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Aliyense amene ali ndi chigayo, wowotcherera zitsulo kapena wometa anamva kuwawa kwake. Dziko liyenera kukhala ndi magwero ena a magetsi. Nkhawa yanga ili pa mtundu wa mgwirizano umene ungabwere ndi fakitale yotere. Ngati malasha azigulidwa kunja ndi madola, ngongole izibwezedwa ndi madola, ndipo ESCOM izilipira ndalama yokhazikika yowerengedwa m'madola, ndiye kuti kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu yense amagwera pa munthu wogula mayunitsi. Funso limeneli liyenera kufunsidwa mgwirizano usanasainidwe, chifukwa khoti silifulumira kumasula boma pa pangano limene linalowa lokha.

Zida zoti mugwiritse ntchito zilipo m'malamulo athu. Lamulo loona za chilengedwe la 2017 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pa malo aukhondo ndi athanzi, limalola kukasuma pofuna kuteteza ufuluwo, ndipo linakhazikitsa bungwe la MEPA, limene liyenera kuunika ndi kuvomereza kafukufuku wa ntchito zikuluzikulu zisanayambe. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani, limene linayamba kugwira ntchito mu September 2020 ndipo limayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Human Rights Commission, limakulolani kulemba kalata yopempha lipoti la kafukufuku, chilolezo ndi ndondomeko ya chipukuta misozi. Lembani kalatayo, ikani tsiku, ndipo kope lanu lidindidwe pamene mukuipereka. Mukaitanidwa ku msonkhano, funsani kuti pepala limene mukusainalo ndi la chiyani, pemphani kuti mafunso anu alembedwe m'maminitsi, ndipo gulu lanu, kaya ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi kaya ya m'dera, likhale ndi kope lakelake la zonse zimene zanenedwa, amene wazinena ndi tsiku lake. Funsani kuti madzi oziziritsira makina adzatengedwa kuti ndipo adzabwezedwa kuti, phulusa lidzasungidwa pati ndi motani, ndiponso pemphani kuti mfundo zikuluzikulu za lipotilo zifotokozedwe m'Chichewa pamaso pa mafumu ndi anthu awo lipotilo litatha kulembedwa.

Samalaninso ndi nthawi, chifukwa nafenso tili ndi malire athu. Pempho loti khoti lalikulu liunikenso chiganizo cha nthambi ya boma liyenera kuperekedwa mwamsanga, kawirikawiri pasanathe miyezi itatu kuchokera pamene chiganizocho chapangidwa. Choncho mukadzamva kuti ntchito ya Kam'mwamba yapeza ndalama ndipo ikuyambiranso, pitani ku ofesi ya bwanamkubwa ku Neno kapena lemberani MEPA, mufunse tsiku limene chilolezo cha zachilengedwe chinaperekedwa, ndiponso ngati kafukufuku amene akugwiritsidwa ntchito ndi wa makina, kukula ndi malo omwewo amene akufuna kumangapo tsopano kapena ndi wakale wa mapulani amene anasintha. Mukalandira yankho, kaonaneni ndi loya kapena a Legal Aid Bureau sabata yomweyo.